Mpata wa Zala Ziwiri

Mayi Tsitsani anafika pa galaji dzuwa lili paliwombo, mapazi atatupa, ndipo sanapereke moni kwa aliyense. Dzina limeneli silinali la makolo ayi. Anawapatsa ndi anzawo ogulitsa nawo nsapato pamsika, chifukwa akamagula chilichonse, kaya belo la nsapato kaya singano, mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo anali omwewo: tsitsani.

Galimoto ya mwana wawo inali pakona, kumaso kuli gwaa ngati nkhalamba yogweka mano. Bampala yakale inali itachotsedwa. Yatsopano, yakuda yosapaka penti, mmisiri anali ataitsamiritsa ndi bondo, thukuta likudontha pachibwano.

"Mwandiitanira chiyani?" anatero mayiwo. "Benchi langa ndasiyira munthu wosadziwa n'komwe kuwerenga sayizi."

"Taonani nokha, amayi," anayankha mwana wawo osadzutsa mutu.

Mwanayu anali bambo wandevu zake, woyendetsa anthu pa galimoto imeneyi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, chaka ndi chaka, osaoneka phindu lake. Mwezi watha banja lina linamupeza likufuna galimoto yonyamula mkwatibwi. Anamuonetsa chithunzi pa foni: galimoto yonga yakeyo, koma yovala bampala yotsika, zotchinga m'mbali zimene amati masiketi, ndi kaphiko kumbuyo. Iye analonjeza kuti pa Loweruka la ukwatiwo galimoto yake idzaoneka chimodzimodzi. Ankati akangonyamula mkwatibwi mmodzi, ena adzamufuna okha. Tsikuli linali Lachinayi, kutatsala masiku awiri.

"Bwerani pafupi, mayi," anatero mmisiri. "Ndikakankha uku, uko kukutseguka. Ndikakankha uko, uku kukuseka." Analowetsa zala ziwiri pampata umene unatsala pansi pa nyali, n'kuzigwedeza. "Mabowo a mabawuti alipo asanu ndi limodzi. Okumana ndi anzawo ndi awiri okha. Lina ndaboola ndekha m'mawa muja poyesa mwayi, koma ayi ndithu."

"Nanga ntchito yanu ndi yotani? Kankhani."

"Iyi si pulasitiki yopindika ija. Ndi faiba. Mukaikakamiza imasweka ngati chigoba cha dzira. Chinanso, anaiumbira galimoto ya chaka china. Mtundu ndi womwewu, koma nkhope inasintha. Masiketi ndi phikolo sindinatsegule n'komwe, ndangowerenga pa katoni."

Mayi Tsitsani anayang'ana mpata uja. Sanafunikire sukulu kuti aumvetse. Chinthu chosakwana ankachidziwa kuposa aliyense m'galajimo.

Lolemba, mwana wawo atati akupita kukagula zinthuzi, iwo anamulanda ndalama m'manja. "Iwe amangokuona nkhope n'kukweza mtengo. Khala." M'shopu ya zipangizo zamagalimoto anakhalamo ola lathunthu. Kawiri konse anatuluka ngati akupita, kawiri konse anabwerera. Ananyoza katoni, ananyoza fumbi la pa shelefu, ananyoza ngakhale mpando umene anawapatsa. Potsiriza mwini shopu anapukuta magalasi ake n'kuusa moyo.

"Pamtengo umenewo zilipo zina kuseriku," anatero. "Si zenizeni za galimoto yanuyo. Koma zikhala. Mmisiri akangokankha pang'ono."

Mawu amenewo mayiwo anawazindikira pomwepo, chifukwa anali awo. Zaka makumi awiri akhala akuwanena pabenchi pawo, munthu akupinda zala m'nsapato yothina: imatanuka iyo, mungoyenda nayo masiku awiri. Anamva bwinobwino. Koma munthuyo anali atagonja, ndipo kugonja kwa wogulitsa kunkawakomera kuposa chakudya. Madzulo ake anaponya ndalama zotsala patebulo pamaso pa mwana wawo, iye n'kuseka, amvekere, "Amayi, inu ndi inu basi."

Tsopano sankaseka.

"Wandibera munthu uja," anatero, akupukusa mutu. "Waona kuti ndi mzimayi wachikulire, wosadziwa za magalimoto, wawasenzetsa zinyalala. Ndikamaliza za Lowerukazi andiona."

Mayi Tsitsani anamva kutentha m'makutu. Mzimayi wachikulire wosadziwa. Komabe mawuwo anali khomo lotseguka: akanangokhala chete, mlandu wonse ukanapita kwa wa magalasi uja, iwo n'kubwerera ku nsapato zawo. Anakhala pa tayala lakutha, n'kuvula nsapato imodzi kuti phazi lipume.

Foni ya mwana wawo inalira. Anaiyang'ana, anaitembenuza, anaisiya ikulira.

"Ndi mlongo wake wa mkwatibwi," anatero. "Kachitatu aka. Amisiri, njira ina palibe?"

"Ilipo, koma sindiikonda." Mmisiri anagogoda tizitsulo tiwiri totuluka pansi pa nyali. "Bampala imagwira pa iti. Nditidule, ndiwotcherere pena, mpatawo nditseke ndi fila, pamwamba penti. Loweruka iwala, anthu aimba m'manja. Mwezi wamawa, ikangogunda dzenje limodzi, ing'aluka. Ndipo ndikadula ndadula, achimwene. Yakale ija sidzabwererapo, ngakhale yeniyeniyo mutadzaipeza."

 Mayi Tsitsani anamuona mwana wawoyo chakumbali: khosi lopyapyala, malaya otuwa pamsana pomwe amatsamira mpando tsiku lonse. Galimoto imeneyi anaisonkhera zaka zisanu. Ankaitsuka asanasambe yekha.

"Dulani," anatero.

Mmisiri anakweza mapewa, anavala magalasi akuda, anatola makina odulira zitsulo. Analira mokuwa, m'galaji monse n'kunjenjemera. Mayi Tsitsani anadzuka ndi nsapato imodzi, anatsimphina mpaka pakhoma, n'kuzula chingwe cha magetsi.

Phokoso linafa pang'onopang'ono.

"Sanandibere," anatero mayiwo. "Anandiuza."

"Mwati chiyani, amayi?"

"Uli ndi makutu. Anandiuza kuti si za galimoto yako. Ine ndinatenga."

Mwanayo sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa, chifukwa pa kukalipa mayiwo sankagonja kwa munthu. Anangowayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mvula itayamba iye atayanika zovala.

"Ndinakupatsani zokwanira."

"Ndikudziwa."

"Ndiye chifukwa chiyani?"

Anafuna kunena kuti ankamusungira ndalama. Anafuna kunena kuti anamulera ndi kutsitsa komweko, kuti yunifolomu yake yoyamba anaikanganira mpaka telala analira. Zonsezo zinali zoona, koma silinali yankho.

"Chifukwa anatsitsa," anatero.

Mmisiri anatsokomola, n'kuyamba kufunafuna sipanala imene inali pamaso pake pomwepo.

Mayi Tsitsani anavala nsapato yawo. Makatoni awiri osatsegula anawamanga pamodzi ndi chingwe, anasenza pamutu, bampala n'kuikwapatira m'khwapa. Inali yaitali kuposa iwo koma yopepuka mochititsa manyazi.

"Dikirani ndikupezereni galimoto," anatero mwana wawo.

"Khala. Ndinabwera nazo ndekha."

Mwini shopu atawaona akulimbana ndi chitseko, bampala itapingasa pakhomo, anavula magalasi.

"Mwabwera kudzandimaliza, mayi?"

"Zenizeni zija zilipo?"

"Zilipo." Anayang'ana makatoni, anayendetsa chala pa bampala mpaka chinaima pa bowo latsopano lija. "Awiriwa ndilandira. Iyi ayi, yabooledwa. Ndinakuuzanitu."

"Munandiuza."

Anatchula mtengo, uja wa Lolemba woyambirira, osachotsa kanthu. Lilime la mayiwo linadzuka lokha. Anamva mawu aja akukwera pakhosi monga amachitira masiku onse, ali okonzeka, ofunda. Anawameza. Anamasula kachikwama ka m'chiuno momwe munali ndalama zogulira belo la sabata yamawa, n'kupereka.

Mwini shopu anadikira. "Simunena kanthu?"

"Ndatopa, bambo. Mangani."

Lachisanu m'mawa anapatukira pa galaji asanapite kumsika. Bampala yatsopano inali itapakidwa kale penti, ikununkha. Mmisiri anainyamula ndi mwana wawo, wina uku wina uko, anaiyandikiza, kenako anaimenya kamodzi ndi chikhatho. Inangoti kha. Mabawuti onse asanu ndi limodzi analowa ngati akubwerera kwawo. Mmisiri anayesa kulowetsa chikhadabo pansi pa nyali, chinakana.

"Mwaona, mayi? Chinthu chikakhala chake sichifuna kunyengerera."

"Mangani mabawuti, musandiphunzitse."

 Mwana wawo anangowatsegulira chitseko chakutsogolo n'kukawatula pamsika, ndipo potsika anati, "Mapaziwo muziwakweza pampando, amayi."

Ukwatiwo iwo sanauone. Loweruka ndi tsiku la malonda. Bampala yobooka ija anaigoneka pa njerwa ziwiri kutsogolo kwa benchi, n'kundandalikapo nsapato za ana, popeza chinthu choti analipira sichingatayidwe. Anzawo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wina anafunsa ngati injini ibwera sabata yamawa.

Chakumasana kunabwera mtsikana wovala yunifolomu ya ntchito, wa maso otopa, n'kusankha nsapato yakuda yachikopa. Anakankha phazi, anakoka chakuchidendene, anaimirira. Zala zinaoneka zitatukuka pansi pa chikopa.

"Yandithina pang'ono," anatero. "Koma itanuka, eti mayi?"

Kuyambira m'mawa anali asanagulitse kanthu, ndipo belo la sabata yamawa kunalibe. Mayi Tsitsani anayang'ana phazilo, kenako bowo lija pa bampala, pakati pa tinsapato tiwiri tofiira.

"Vulani," anatero. "Sayizi yanu ndilibe."

Mtsikanayo anavula, anathokoza, n'kusunthira pa benchi loyandikana nalo. Posakhalitsa mayiwo anamva mawu a mnzawo, okoma ngati uchi: "Imatanuka iyo, asisi, mungoyenda nayo masiku awiri." Anamvanso pepala likukulungidwa.

Anatola nsapato yakuda ija, anaipukuta ndi nsanza, anaibwezera pambali pa inzake. Kenako anakoka mpando n'kukwezapo mapazi.