Mzere Wachitatu pa Kabokosi ka ba Whyson

Mvula ya Febuluwale inandipanikiza ku Kalingalinga ndikuchokera ku Mtendere wapansi, ndipo ndinathawira pakhonde la kashopu kopanda chikwangwani. Pa benchi panali mkulu wina wa magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Sanandifunse dzina. Anangosendera kuti ndikhale, nati, "Imwe, maso yanu yaona bwino?" Nkhani yake ndi iyi, monga anandiuzira mvula ikugwa. Pomwe anadumpha anandidzazira mayi wina wogulitsa makala pafupi pomwepo.

Dzina lake ndi Whyson Nsama. Zaka makumi atatu wakhala akukonza mawailesi ndi mafiliji m'kashopu komweko. Ku komboni magetsi akathima, pobwera amabwera ngati woledzera pakhomo: alowa, atuluka, alowanso. Injini ya filiji siipirira zimenezo, imapsa. Ndiye ba Whyson anapanga kabokosi kolumikiza pakati pa khoma ndi filiji. Magetsi akabwera, kabokosiko kamayamba kadikira mphindi zisanu kuti akhazikike, kenako n'kutsegulira filiji. Amayi ogulitsa nsomba ndi nkhuku ankakatcha kamlonda. Kapangidwe kake sikanalembedwe paliponse, kanali m'mutu ndi m'zala zawo basi.

Kenako shuga inawalowa m'maso. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti zomwe zapita sizibwerera, ndipo zotsalazo zikupitanso.

Kuseri kwa shopuyo kunkachita lendi mtsikana wina wa ku yunivesite, Inonge, wophunzira zamagetsi. Ndi iye anawauza kuti kuli anthu amene amaika mapulani a zopanga zawo pa intaneti mwaulere: chojambula, mndandanda wa tizipangizo, zonse poyera. Aliyense akhoza kupanga chake, bola atchule dzina la woyambitsa. Ndipo wina akapeza polakwika amanena poyera, eni ake n'kukonza.

"Ndiye kuti nikafa maso, kamlonda sikafa?" anafunsa ba Whyson.

"Sikafa, batate. Koma pafunika manja yambili. Bojambula, bolemba, boyesa."

Anamata mapepala pa zipata za nyumba zogona ophunzira ndi pokwerera minibasi. Loweruka lake anabwera ophunzira makumi awiri ndi atatu, ena onunkhira mafuta okwera mtengo, n'kuima m'matope chifukwa m'shopu munkakwana anthu anayi.

"Babosi," anatero mnyamata wina wa jekete yofiira, "kampani yanu ili kuti?"

"Ni ino. Waponda pa waya wake."

"Nanga kalata yachidindo muzatipasa? Kusukulu bafuna umboni kuti tinagwilapo nchito."

"Chidindo nilibe, mwana wanga. Nili na nzelu chabe, na mpando umodzi."

"Manje ise tipezapo chani?"

"Dzina lako lizalembewa pansi pa langa."

"Dzina nili nalo kale, bamudala. Banandipasa bamai mahala."

Anaseka onse, ba Whyson nawonso anaseka. Pofika masana anatsala awiri: Inonge, ndi Lushomo, mnyamata wamtali wa ku Monze, mwana wa mkulu wa mpingo, wolandira ngakhale sikuluu ndi manja awiri.

Ba Whyson anawauza lamulo momveka bwino. "Ichi chinthu si changa neka manje. Mukaona polakwika, kambani. Musaniope." Ananena ndi mtima wonse, ndikukhulupirira. Koma tsiku lomwelo Lushomo atanena motsitsa mawu kuti waya wina akuoneka wowonda, mkuluyo anamuyankha pamaso pa makasitomala awiri kuti, "Iwe, nayamba kuwotcherera bambo bako bakalibe kumera ndevu!" Inali nthabwala. Makasitomala anaseka. Lushomo anasekanso, n'kupepesa, ndipo kuyambira pamenepo mawu ake anali "eya, batate."

Anagwira ntchito miyezi iwiri, Loweruka lililonse. Inonge ankajambula pa kompyuta yake, Lushomo ankayesa. Kenako linafika tsiku lolemba mndandanda wa tizipangizo.

M'kamlonda muli kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga, amakatcha rezisita, ndipo n'komwe kamalamula kuti bokosi lidikire nthawi yaitali bwanji. Sikalembedwa manambala, kali ndi timizere tamitundu. Mzere wachitatu ukakhala wa orenji, bokosi limadikira mphindi zisanu. Ukakhala wofiira, theka la mphindi basi. Ba Whyson anali atasiya kalekale kuyang'ana mizere. Dzanja lawo linkadziwa kuti ka nthawi kamakhala m'kachitini ka mafuta odzola, kachiwiri kuchokera kukhoma, ndipo dzanjalo silinalakwepo. Koma pa intaneti sungalembe kuti kachitini kachiwiri. Anakatola, n'kupita nako pakhomo pomwe pali kuwala, n'kukasendeza pafupi ndi magalasi.

"Wachitatu wofiira. Lemba."

Lushomo anali pambali pawo ndipo anauona mzerewo bwinobwino: unali wa orenji. Anayang'ana Inonge. Inonge anayang'ana zala zake.

"Walemba, Lushomo?"

"Eya, batate."

Atatuluka anakangana mpaka pa msewu waukulu. Kuwauza kunali ngati kuwauza kuti ndinu wakhungu, ndipo munthu amene amakugawira chimanga chake chowotcha sungamuuze zotero. Kusintha mwakachetechete kunali ngati kuwabera kumbuyo, chifukwa Loweruka lililonse ankauza Inonge kuti awawerengere zonse mokweza. Anagwirizana kuti adikire tsiku labwino. Lushomo anayesa mabokosi ena asanu ndipo onse anadikira mphindi zisanu zake, poti tizipangizo ankatola m'zitini zomwezo. Mapulani anaikidwa pa intaneti, ba Whyson atavala tayi ngakhale panalibe wojambula. Kenako kunabwera mayeso, kenako tchuthi. Inonge ankaganiza kuti Lushomo wakonza. Lushomo ankaganiza kuti Inonge, poti amakhala kuseri komweko, wapeza tsiku labwino lija.

Mapulaniwo anayenda kuposa mmene aliyense anayembekezera. Wina anawajambula pa foni n'kutumiza ku gulu la okonza zamagetsi. Ena anawachulukitsa pa mapepala. Ku Chawama munthu wina wotchedwa Mukupa, wa manja abwino ndithu, anapanga mabokosi ambiri motsatira mndandanda ndendende, ndipo poti lamulo linati utchule woyambitsa, pa lililonse anamatapo kapepala: Whyson Nsama, Kalingalinga.

Patapita miyezi itatu, m'mawa wina, panafika mayi atasenza ndowa yovundikira ndi chitenje. Fungo linafika iye asanafike. Anaitula pakhomo pa shopu n'kuivundukula: nkhuku zowola, zobiriwira.

"Ndimwe ba Whyson? Ine ndine Dyness, nachoka ku Chawama. Nabwela kukupasani ndiwo."

"Mayi, nakulakwilani chani?"

"Filiji yanga inakhala zaka zisanu na zitatu ilibe mlonda. Nangoika mlonda wanu, yapsa. Ya mlamu wanga yapsa. Pa msika tili banthu folo bamene mafiliji yapsa. Kapena mugwila nchito na bogulitsa mafiliji?"

Anaponya kabokosiko pa benchi. Ba Whyson sanakatsegule, akanaonamo chiyani? Anakalumikiza kukhoma n'kuyamba kuwerenga chamumtima. Asanafike makumi anayi, kanati tha, n'kutsegula magetsi. Mayi Dyness anali akulankhulabe, ntchentche zikudzaza khonde.

Madzulo asanafike ba Whyson anaitanitsa ophunzira awo. Anauza Inonge awerenge mndandanda, ndipo atafika pa mzere wachitatu wa rezisita uja anamuimitsa. Anapisa dzanja m'kachitini kachiwiri n'kuika kanthuko m'dzanja la Lushomo.

"Mtundu wanji?"

"Orenji, batate."

"Nanga papepala?"

Anayankha ndi Inonge, misozi ili m'maso. "Tinaona, batate. Tsiku lamene lija tinaona."

"Munaona. Nanga mukamwa munali chani, mbatata?"

"Kwathu," anatero Lushomo, maso ali pansi, "mwana sauza mkulu pa banthu kuti simuona."

"Banthu bati? Tinali batatu! Ine nakuitanani kuti munibweleke maso. Ulemu nili nawo wambili, banipasa pa msewu tsiku lililonse, siuwelenga mizele."

Pa intaneti anakonza tsiku lomwelo, sizinatenge n'komwe mphindi ziwiri. Koma chithunzi chija chinali kale m'makomboni, ku George, ku Matero, ku Kanyama, ku Chaisa, m'mafoni a anthu amene sanatsegulepo tsamba la pa intanetilo ndipo sadzalitsegula. Inonge anatumiza uthenga ku magulu onse omwe ankawadziwa. Ena anayankha kuti zikomo. Ambiri anali atamva kale kuti kabokosi ka mdala wa ku Kalingalinga kamapha mafiliji, ndipo nkhani yotero imathamanga kuposa uthenga wokonza. Amayi a pa Kalingalinga pomwepo, amene mabokosi awo anawapanga ba Whyson ndi manja awo ndipo sanalakwepo, anayamba kuwazula kukhoma.

Palibe amene anathamangitsa ophunzirawo. Manyazi ndi omwe anawachotsa. Lushomo anayamba kuzungulira njira ina popita kusukulu. Inonge anasamukira kufupi ndi yunivesite, akuti chifukwa cha mayeso omaliza. Nthawi zina amatumiza moni pa foni ya mayi wa makala uja.

Ba Whyson anauza mayiyo kuti awalembere mapepala ena oitana ophunzira, n'kukawamata okha mopapasa, ena chadodolido. Loweruka loyamba panabwera mmodzi, kudzafunsa ngati pano ndi pamene pali bokosi lija lopha mafiliji, akuti akufuna kulemba za ilo kusukulu monga chitsanzo cha kapangidwe kolakwika. Loweruka lachiwiri panalibe. Mapepala enawo mvula inawasungunula.

Mvula itayamba kukata ndinaimirira kuti ndizipita. Mkuluyo anandigwira dzanja n'kuikamo kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"Mukalibe kuyenda, niuzeni. Mzele wachitatu ni mtundu wanji?"

Ndinakatengera pa kuwala. Maso anga nawonso si a mnyamata, koma ndinauona. "Orenji," ndinatero.

Anapendeketsa mutu ngati akumvetsera injini ya filiji. "Mwaona zoona, kapena mwangomvela nkhani yanga n'kufuna kunikondwelesa?"

Ndinalumbira kuti ndaona.

"Eya," anatero. "Bonse bakamba eya."

Anakalandira, n'kukabweza m'kachitini kachiwiri kuchokera kukhoma, n'kutembenukira kumsewu kudikira wodutsa wina.