Bedi Lotsiriza la M'chipinda Chochilira

Mabedi anga anayamba kuwachotsa limodzilimodzi, ngati mmene mano amathera m'kamwa. Ukabwera m'mawa unkapeza pamene panali bedi patsala madontho a dzimbiri pasimenti. Ankawakankhira kutsidya kwa khonde, kuchipinda cha okalamba, chifukwa uko ndiye kunkasefukira anthu. Ine ndine mzamba. Pachipatala pano ndinayamba ntchito ndikadali ndi chiuno, ndipo anthu ambiri a m'tauni muno ndinawaona asanavalepo kanthu.

Kale m'chipinda chochilira munalibe popondapo. Amayi ena ankachilira pamatiresi pansi, makanda akulira mopikisana, ife tikudya chiimire. Kenako zinthu zinasintha mwakachetechete. Amene anabadwa asanu ndi awiri m'nyumba imodzi anabereka awiri, ana awo anabereka mmodzi kapena osabereka n'komwe, ndipo ambiri anapita kumizinda ikuluikulu. Sindiloza munthu chala. Inenso, amene ndinkalandira ana a eni tsiku ndi tsiku, ndinabereka mmodzi yekha mwadala, chifukwa nthawi yolera wachiwiri ndikanaitenga kuti? Sukulu ya mkaka ya kuseri kwa chipatala inasanduka mosungira simenti. Wasitolo wa pageti akugulitsabe matewera, koma ndi a akuluakulu.

Tsiku lina mkulu wa chipatala anandiitana. Ndi dokotala wachinyamata amene timamutcha Magalasi, ndipo nayenso mchombo wake ndinadula ndine, ngakhale sakonda kukumbutsidwa.

"Amayi azamba," anatero akupukuta tebulo lopanda fumbi, "mwezi uno ukatha, chipinda chanu tikutseka. Woyembekezera akapezeka tizimutumiza kuchipatala chachikulu. Inu muzikathandiza kwa agogo."

"Ndiye mukuti ndizikasambitsa anthu a ndevu?"

"Thewera ndi thewera, amayi."

Ndinamuyang'ana mpaka anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Bedi linali litatsala limodzi, ndipo khanda lomaliza kubadwira pamenepo linali litayamba kale kuyenda.

Kwa okalambako ndinali nditayamba kale kuthandizako masana. Nkhondo yaikulu kumeneko ndi ya malo. Aliyense amafuna bedi lake liyang'ane kuchitseko, kuti nthawi yoona odwala ikakwana aziona amene akulowa. Chitseko chikangolira mitu yonse imadzuka, kenako imabwerera pamapilo, chifukwa amene walowa ndi wokolopa. Pakona, kuseri kwa kabati ya mankhwala, chitseko sichioneka, ndipo palibe amene amalola kuikidwa pamenepo. Malowo amangokhala opanda bedi.

Sabata yomweyo mwana wanga anabwera osandiuza. Anthu amamutcha Kamodzi, poti ndi mmodzi yekhayo. Ankagwira ntchito muofesi ina kumzinda waukulu, osakwatiwa, ndipo za ana anandiuza kalekale kuti ndiiwale. "Ndimulerera pati, amayi, m'kachipinda koti ukatsegula chitseko chimagunda bedi?" Tinakanganapo kangapo mpaka ndinatopa.

Ndinamuona ali pamsewu, akubwera ndi chikwama chimodzi. Ankayenda dzanja lili kumsana. Atalowa ndinaona kuti zipi ya siketi sinafike pamwamba, waibisa ndi bulauzi yaikulu. Mapazi anali otupa, nsapato zikumuluma. Madzulo nditakazinga anyezi anathawira panja, dzanja lili pakamwa. Ine ndinakhala pansi, chipande chili m'manja.

Mzamba weniweni safunsa, amaona. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza atsikana kuti ali ndi pakati iwo eni asanadziwe, ndipo sindinaphonyepo. Kuonda kwa nkhope yake ndinakuona, ndinati miyezi yoyamba imatero. Mikono yake inali yopyapyala, ndinati zakudya za kumzinda ndi mphepo yokhayokha. Munthu ukaifunitsitsa mvula, utsi womwe umauona ngati mtambo.

M'mawa mwake Kamodzi anabwera kukhitchini n'kuima pakhomo.

"Amayi, ndili ndi nkhani."

"Ndikuidziwa," ndinatero ndikuseka. "Mimba sungaibisire mzamba, iwe. Za bambo wa mwanayo sindifunsa, ngati anathawa athawe, tilera tokha. Khala pansi, usamaime nthawi yaitali."

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pansi monga ndinamuuzira. Ine ndinati ndi manyazi. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo tsiku limenelo ine ndinaimanga mpaka denga.

Kwa Magalasi ndinalowa osagogoda.

"Bedi lija musalikhudze. Muli mwana woti abadwe m'tauni muno, ndipo abadwira pamene munabadwira inu."

"Wa ndani?"

"Mdzukulu wanga."

Anayamba kunena za malamulo ochokera kumtunda, ine ndinamukumbutsa kuti anabadwa chammiyendo ndipo pakanapanda manja awa bwenzi malamulowo akuwerenga wina. Anaseka, n'kunena kuti chipindacho achitseka ndithu, koma kiyi ndisunge ine mpaka mwanayo abadwe.

Ndinauza munthu mmodzi yekha, mayi wochapa, ndipo kuuza wochapa n'chimodzimodzi kuuza wailesi. Pofika masana chipinda chonse cha okalamba chinali chitamva. Sindinaonepo zotero. Anthu amene ankangoyang'ana kudenga anayamba kukangana za mayina. Agogo ena amene tinkawatcha Aphunzitsi, poti anaphunzitsa ana aang'ono mpaka sukulu yawo inatsekedwa, anaitanitsa ulusi ndi singano zolukira, n'kugawira aliyense amene zala zinkamulolabe. Nkhalamba ina imene inali kalipentala inalamula kuti kabedi ka makanda kothyoka mwendo akabweretse pafupi ndi bedi lake.

"Akabadwa mudzasiye chitseko chotsegula," anatero Aphunzitsi. "Ngakhale tisamuone, tingomva kulira. Ine ndaiwala mmene khanda limalirira."

Ngakhale wasitolo wa pageti anandiimitsa n'kunena kuti waitanitsa matewera aang'ono. Mwanayo anali asanabadwe, koma anali kale wa tauni yonse.

Kunyumba Kamodzi ankangogona. Chakudya ankangolawa. Ine ndinkamubweretsera tizipewa ndi timasokosi tochokera kwa agogo, iye ankatilandira, kutisisita pang'ono, n'kutiika pansi pa pilo. Ndikamuuza kuti tipite ndikamuyeze, ankati mawa. Sindinamukakamize, chifukwa ndinali wosangalala, ndipo munthu wosangalala safuna mafunso.

Anabwera yekha. Anali masana, ine ndili m'chipinda chochilira ndikupukuta sikelo ya makanda imene inali yoyera kale. Anatseka chitseko, anavula nsapato movutikira, n'kukwera pabedi paja.

"Ndiyezeni, amayi."

Ndinatenthetsa manja powakhutiza, monga ndimachitira nthawi zonse, n'kukweza bulauzi. Maso anga anali atandinamiza masabata onsewo, koma manja sanatenge nthawi. Mwana m'mimba amakhala ndi mutu, ndi msana, ndipo ukamukankha amakukankhanso. Chimene ndinagwira chinali cholimba, cha mabampu, chokhala kumbali, ndipo kuzungulira kwake kunali madzi okhaokha. Ndinatengabe kachitoliro komvetsera mtima wa mwana, ndinakaika apa, ndinakaika apo. Ndinkadziwa kuti sindimva kanthu, koma ndinamvetserabe mpaka khutu linawawa.

"Ndi chotupa," anatero Kamodzi akuyang'ana kudenga. "Anachipeza mochedwa. Chafalikira."

Ndinakhala pampando umene amakhalapo odikirira odwala.

"Bwanji sunandiuze, mwana wanga?"

"Ndinayesa. Koma chimwalirireni abambo ndinali ndisanakuonenipo mukuseka choncho. Ndinati ndikusiyeni pang'ono."

Anandifotokozera bwinobwino, osalira. Kuchipatala cha kumzinda anamuuza kuti chimene chatsala ndi kumusamalira kuti asamve ululu, ndipo anamufunsa kuti kunyumba kuli ndani womutembenuza ndi kumusambitsa. Anzake a kuofesi ankabwera Loweruka ndi zipatso, koma aliyense wa iwo anali ndi makolo ake okalamba omuyang'ana iye yekha. Mchemwali analibe, mlongo analibe, mwana analibe. Ndiye anakwera basi.

"Ndikanakuberekera mng'ono wako," ndinatero. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena zimenezo.

"Nanenso ndikanakuberekerani mdzukulu. Tisayambe zimenezo, amayi. Inu munachita zimene munkatha, inenso chimodzimodzi." Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. "Za ine sindikuopa kwenikweni, ndili ndi inu. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti inuyo adzakutembenuzani ndani."

Pamenepo ndiye ndinalira. Ndinalira mokuwa, ngati amayi onse amene ndinkawakalipira m'chipinda chimenecho kuti asunge mphamvu. Wodwalayo ndi amene ankandisisita kumutu.

Magalasi sanandivutitse. Anamuyeza yekha, anatuluka, anakaima pakhonde nthawi yaitali magalasi ali m'manja, kenako anati Kamodzi agone momwemo mpaka pamene adzafunire. Choncho bedi limene ndinasungira mdzukulu anagonapo ndi mwana wanga, m'chipinda chimene anabadwiramo.

Chovuta chinali kukauza agogo. Ndinaima pakati pa mabedi awo n'kunena mwachidule, chifukwa ndikanatalikitsa sindikanamaliza. Kalipentala anatembenukira kukhoma. Aphunzitsi anayang'ana kachipewa kamene kanali pasingano zawo, kenako anakoka ulusi, kachipewako n'kuyamba kumasuka.

"Bweretsani zonse zimene tinaluka," anatero. "Ulusiwu ndi wabwinobwino. Mwanayo ndi wamkulu kuposa mmene tinkaganizira, basi."

Anamasula tizipewa tonse ndi timasokosi n'kuluka bulangete limodzi la mitundu yosagwirizana, lokhota mbali imodzi, poti ena mwa olukawo maso anali atapita. Linkafika m'mawondo mokha. Kamodzi ataliona anaseka mpaka anagwira pamimba, n'kunena kuti pamoyo wake wonse sanaonepo chinthu chonyansa chomwe anachikonda chotero. Sanalole kuti lichoke pamiyendo pake.

Ntchito ya manja anga sinasinthe kwenikweni. Ndinkayesa madzi ndi chigongono ndisanamusambitse. Ndinkamupukuta m'khosi ndi kuseri kwa makutu, kumupaka mafuta, kumusintha thewera, kumumwetsa phala ndi kasupuni pang'onopang'ono. Tsiku lililonse ankapepuka, mpaka ndinkatha kumunyamula ndekha posintha nsalu. Chitseko ankafuna chikhale chotsegula kuti azimva agogo akukangana kutsidya, ndipo amene ankatha kuyenda ankabwera ndi ndodo zawo kudzakhala naye. Moyo wawo wonse wa m'chipatala anali akudikira kuti wina adzawaone, tsopano anapeza woti azikamuona iwo.

Anapita m'mawa wina dzuwa litalowa kale pawindo, ndikumupesa tsitsi. Ndinamutseka maso ndi manja omwewo amene anamulandira.

Maliro atatha ndinabwerera kuntchito, chifukwa kunyumba kunali zii. Kiyi ndinakampatsa Magalasi ndisanafunsidwe. Iye anati palibe changu, ine ndinati chipinda chopanda munthu chimangosunga fumbi. Sikelo anaipititsa kosungira katundu, pamodzi ndi kabedi ka makanda kamene kalipentala anali atakonza kale mwendo. Wasitolo wa pageti matewera ake aang'ono akadali pashelefu, sindidziwa adzawagula ndani.

Bedi lija tinalikankha awiri, ine ndi wochapa, kudutsa pakhonde. Gudumu limodzi linkalira. Titalowa kwa okalamba mitu yonse inadzuka monga mwa masiku onse, koma ulendo uno sinabwerere pamapilo.

"Tiliike pati?" anafunsa wochapa. "Apa pafupi ndi Aphunzitsi pali mpata, chitseko chikuoneka bwino."

"Ayi. Pakona paja, kuseri kwa kabati."

"Pamenepo palibe amene adzalole kugonapo, mukudziwa inunso."

"Alipo," ndinatero, ndikuyala bulangete lokhota lija kumiyendo. "Si lero, koma musadzapatse wina. Malo oyang'ana kuchitseko asiyireni amene ali ndi womudikira."