Apongozi M'chipinda cha Nkhono

Alamu ake ndiwo anayamba kumutchula kuti Wankhono, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka kuntchito. Ankagwira ntchito yofufuza m'chipinda cha pansi pa nyumba yosungiramo zachilengedwe, chipinda chonunkha sipiriti, chodzaza mabotolo ndi timabokosi ta zigoba.

Chaka chimenecho anabwerako kunkhalango ina ya mvula yambiri ndi tinkhono tochepa timene anatola pansi pa masamba owola. Tinali tating'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, zigoba zofiirira za timizere tothinana, pakamwa pa chigoba pali kadzino kamodzi. Anatiyeza, nkuyerekeza ndi zigoba za m'mabokosi, koma tinkafanana kwambiri ndi mtundu wina wodziwika kale. Chigoba chokha sichikanathetsa mlandu. Anayenera kutumbula kamodzi, chifukwa nkhono zofanana kunja zimasiyana pa ziwalo zoberekera.

Mbali imeneyi kunyumba sanaitchule. Anangouza mkazi wake kuti mwina wapeza mtundu watsopano. Mkaziyo anaimbira foni amayi ake, ndipo nkhani inanenepa m'njira, mpaka inamveka kuti mkamwini watulukira chinthu chimene dziko lonse silinachionepo.

Tsiku lina chakumasana, ali chiweramire pa maikulosikopu, makina okulitsira tinthu tating'ono, anamva kugogoda. Anali apongozi ake aakazi, atatchena, pambuyo pawo pali mnzawo woimba naye kwaya. Anachokera kokapimitsa maso ndipo anamaliza msanga.

"Tangoti tidutse, bambo, mnzangayu aone ntchito yanu. Ndimamuuza koma amayesa ndikukokomeza."

Wankhono anawapatsa mipando. Pa sikirini yaikulu ya pakhoma pankaoneka zimene zinali pansi pa maikulosikopu: kankhono kotumbulidwa, ziwalo zake zitatambasulidwa ndi timapini, zitakula ngati mkono wa munthu. Anafuna kuzimitsa, koma apongozi anali atatulutsa kale magalasi.

"Nanga chachitali choyerachi nchiyani?"

"Matumbo, amayi," anayankha mofulumira. "Matumbo chabe."

Anawasonyeza zigoba, kuwauza za timizere ndi kadzino kaja, kuyesetsa kuti maso awo asabwerere kukhoma. Zikanatha bwino pakanapanda kulowa Pulofesa, bwana wake, mayi wansangala wosadziwa kunong'ona. Atamva kuti alendowo ndi ndani, anawagwira chanza ndi manja awiri.

"Mwafika tsiku labwino. Wakuonetsani umboni wake?"

"Watisonyeza matumbo," anatero mnzawo wa apongozi.

"Matumbo ati?" Pulofesa anaseka, nkuloza pa sikirini ndi cholembera. "Ichi ndi chiwalo chachimuna. Taonani kutalika kwake, ndi kathumba aka kumapeto. Mtundu umene tinkaudziwa uli ndi chachifupi, chopanda kathumba. Mkamwini wanuyu wakhala akuchiyeza mlungu wonse, m'litali ndi m'mimba mwake. Ndipotu nkhono iliyonse yotere ndi mwamuna ndi mkazi yomwe. Iwe, tawafotokozera mbali yachikaziyo, ndiwe katswiri."

Mayi wa kwaya uja anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Apongozi anavula magalasi, nkuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono ndi kansalu. Wankhono anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka sanachimve ndi mwini wake yemwe. Anangoyang'ana kabotolo ka sipiriti patebulo, kulakalaka atalowamo nkutsekeredwa.

Pulofesa sanaone chilichonse chachilendo. Anatsanzika mwansangala nkutuluka.

Wankhono anawaperekeza kokwerera basi. Mnzawo uja anati akagule kaye madzi, nkuwasiya awiri pansi pa kadenga ka pasiteji.

"Amayi, pepani. Sindinafune kuti mumve zotere."

"Zotere ziti?" anafunsa apongozi, maso ali kumsewu. "Ine ndabereka ana, mmodzi mwa iwo mukukhala naye. Za nkhono zingandiopse? Chimene chandiwawa nchakuti mwandinamiza ngati kamwana, mnzanga ali pomwepo. Ndamubweretsa ndikunyadira, inu nkumandiuza za matumbo."

Manyazi a m'chipinda muja anachepa poyerekeza ndi awa. Anazindikira kuti sanabise mawuwo pofuna kulemekeza apongozi okha. Kuyambira kale ankachita manyazi ndi ntchito yake pamaso pa banja ili, limene ana ake aamuna ankamanga nyumba ndi kukonza magalimoto, zinthu zoti munthu nkuloza.

"Ndalakwa, amayi."

"Mwalakwadi. Tsono ndi yatsopano kapena ayi?"

"Ndi yatsopano."

"Mwadziwa bwanji? Ndiuzeni inuyo, osati bwana wanu."

Panalibe kothawira. Pasiteji pomwepo, pakati pa ogulitsa nthochi ndi anthu odikira basi, Wankhono anafotokoza zonse, maso ali pa nsapato zake. Anatchula chiwalo chilichonse ndi dzina lake, chachimuna ndi chachikazi, ndi chifukwa chake nkhono zosiyana ziwalozo sizingaberekerane. Bambo wina amene anaima pafupi anasendera kuti amvetsere bwino. Apongozi sanaseke. Anafunsa ngati kankhonoko kanamva kuwawa, iye nkuyankha kuti amayamba wakagoneka ndi mankhwala. Anafunsanso ngati m'nkhalangomo mwatsala tina, iye nkuti mwatsala, bola mitengo isadulidwe.

Basi itafika, mnzawo uja anatulukira ndi botolo la madzi, akuyesetsabe kusunga nkhope. Apongozi anakwera osatembenuka.

Patapita miyezi, akatswiri akunja anavomereza kuti unalidi mtundu watsopano, ndipo Pulofesa anagula keke. Koma madzulo a tsiku la alendo lija, Wankhono anafika kunyumba ali wolefuka, nkupeza mkazi wake akusita malaya, akuluma milomo kuti asaseke.

"Amayi aimba foni," anatero mkaziyo.

Iye anakhala pampando osavula nsapato. "Ati chiyani?"

"Akuti mumaidziwa ntchito yanu. Koma akuti bambo akadzafunsa, mudzangowasonyeza zigoba."