Makina Anaonetsa Kubiriwira

Adokotala anaika katoni patebulo mosamala ngati muli mazira. Munali nsapato zoyera za malemu, juzi yovala m'wodi kukazizira, ndi kapu yothyoka chogwirira. Bambo sanayang'anemo. Anapitiriza kusanjikiza mipando yobwereka imene anthu anakhalira pa maliro.

Mwana wawo woyamba, amene onse ankangomutcha Chisamba, anatulutsa juziyo n'kuifungatira. Inali ikununkhirabe sopo wa kuchipatala.

Malemuwo, mayi ake a Chisamba, anali namwino wamkulu pamalo olandirira odwala. Kwa zaka zingapo iwo ndi adokotalawa ankaphunzitsa kompyuta kusankha wodwala woyenera kuonedwa msanga. Adokotala ankabweretsa manambala a odwala akale, mayi ankabweretsa maso. Munthu akayezedwa, makina ankaonetsa kufiira ngati ayenera kuonedwa msanga, kapena kubiriwira ngati angadikire, ndipo namwino akakayikira ankaloledwa kuwatsutsa. Sabata yatha mayi anafika pomwepo ngati wodwala, akudandaula nseru ndi kulemera kwa phewa. Makina anaonetsa kubiriwira. Namwino wachitsikana anafuna kuwalowetsabe, koma iwo analoza mwana amene ankabanika, n'kukhala pabenchi. Mtima unaima ali pomwepo.

Adokotala anayankhula atayang'ana pansi. Anati matenda a mtima amabisala mwa amayi, ndipo makinawo anaphunzira kwambiri pa odwala aamuna. Ankapempha kuti zotsatira za kuyezedwa kwa malemu ziphunzitsidwe kwa makinawo, kuti mayi wina asadzakhale pabenchi paja. Popanda chilolezo cha banja, sakanazikhudza.

Azakhali, amene ankapukuta magalasi pakhomo la khitchini, anafunsa chifukwa chake kompyutayo sinabwere yokha kudzapepesa, poti ndi yanzeru chotero. Palibe anaseka.

“Mkazi wanga anakupatsani miyendo yake, anakupatsani tulo take,” anatero bambo. “Tsopano mukufunanso chimene chinamupha?”

Chisamba anayamba kufotokoza kuti ntchito imeneyi mayi ankaiona ngati mwana wawo wachitatu, koma bambo anamudula kuti amake si nambala.

“Akanakhalapo akanakukalipirani, ababa,” anatero iye chapansipansi.

Bambo anaima atagwira mpando. Kenako anauika pansi n'kuukhalira, ndipo anafunsa adokotala kuti manambalawo akunena chiyani. Adokotala anatchula kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima, mpweya, kutentha kwa thupi. Zonse zinali pafupi ndi pabwino.

“Nanga zoti m'mawa umenewo sanakalipire munthu, zilimo?” anafunsa bambo.

Adokotala anapukusa mutu.

Bambo anati tsikulo anasiya nsapato zamatope pakati pa khomo. Mkazi wawo, amene kwa moyo wonse sanalekererepo chinthu choterocho, anangozilumpha, n'kukakhala pabedi atagwira chibwano. Bambowo anaona, anadabwa, koma anapita kuntchito. Kuchipatala palibe anawafunsa, poti palibe malo olembapo zotero.

“Tengani manambalawo,” anatero. “Koma mupange malowo. Muzifunsa amene wabwera ndi wodwala kuti lero wasintha chiyani.”

Adokotala anati ayesetsa. Chisamba anaona kuti maso awo anali ofiira ngati a munthu amene sanagone bwino chichitikireni zimenezi, ndipo kwa nthawi yoyamba anawamvera chisoni.

Adokotala ataimirira kuti atsanzike, anatambasula dzanja. Bambo sanagwire chikhatho. Zala zawo ziwiri zinapita pamkono wa adokotala, pamene mtsempha umagunda, monga mayi ankachitira ndi mlendo aliyense wolowa m'nyumbamo, kaya m'busa kaya wogulitsa makala. Bambo sankadziwa kuwerenga kwake. Anangogwira, akuyang'ana khoma.

Kenako anayang'ana nkhope ya adokotala bwinobwino.

“Milomo yauma,” anatero. “Khalani kaye pansi. Chisamba, madzi.”

Chisamba anatulutsa kapu yothyoka chogwirira m'katoni muja, n'kupita nayo kumpopi.