Amayi Odulidwa Pakati

Lavonne ndi Bernadine, ana a bambo Orval Tiedemann, ndi anthu oti ngakhale dzira limodzi angaligawane ndi mpeni. Ndakula nawo kuno ku Nebraska, ndipo sindinaonepo wina akusiyira mnzake kanthu.

Bambo awo atafooka, anawapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Mkuluyo anapempha chinthu chimodzi chokha: khadi lakale la amayi ake, omwe anamwalira iye ali mwana. Munthu wojambula woyendayenda anawajambula ataima pakhomo pa nyumba yadothi, ngolo ili kumbuyo, masiku amene anthu ankangofika kumene m'chipululu muno. Pakhadipo panali zithunzi ziwiri zogundizana, zooneka ngati zofanana. Ukaliika m'chowonera cha magalasi awiri, zimasanduka chimodzi: ngolo imabwerera kutali, mayiyo n'kusendera pafupi ngati akufuna kukugwira dzanja. Bambo Orval ankawachezera amayi awo choncho Lamulungu lililonse.

Koma khadilo linali litagwera kale m'manja mwa ana akewo, omwe ankagawana katundu wa m'nyumba. Ndinawapeza patebulo atamaliza kukanganirana masupuni.

"Ine ndine wamkulu, agogowa ndikutenga ndine," anatero Lavonne.

"Ukulu wa chiyani, achemwali? Wa pakamwa?" anayankha Bernadine. "Si ziwiri izi? Wojambulayo ankadziwa kuti tidzabadwa awiri."

Ndinawauza kuti diso lililonse lili ndi chithunzi chake, chimodzi pachokha sichigwira ntchito. Anandiyang'ana ngati ndine wopusa. Sizasi inalira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anagwirizana, ndipo anagwirizana pa zopusa. Lavonne anaika theka lake m'chikwama n'kukwera sitima kubwerera ku California.

Lamulungu ndinaperekeza Bernadine kukaona bambo ake. Anawapatsa chowonera ndi theka lija monyadira kwambiri.

"Ndakusungirani chooneka bwinocho, bambo. Chinacho chinali chothimbirira."

Mkuluyo analowetsa kachidutswako m'chowoneramo. Anakasendeza kutsogolo, anakabweza, anapukuta magalasi ndi malaya. Ine ndinangoyang'ana pawindo.

"Mwawaona?" anafunsa Bernadine.

"Ndikuona pepala, mwanangu," anatero bambo Orval, akuika chowoneracho pabulangete. "Amayi sanabwere lero."