Tenti ya Mabatani

Telala sanakhazikike pampando chinyamukireni. Pakapita kanthawi ankatulutsa mutu pawindo la minibasi n'kupotoza khosi kuti aone ngati mtolo wake udakali pamwamba. Unalipo, womangidwa ndi zingwe zitatu, koma ngodya imodzi inkakupiza ndi mphepo ngati khutu la njovu.

Mtolowo unali tenti, ndipo anaisoka yekha.

Ulendowu anauyambitsa ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, amene banja lonse linkamutcha Manijala chipatsidwireni ofesi yachitseko chakechake kuntchito. Iyeyu ndiye anati ana akukula osadziwana, bambo nawo akukalamba, ndiye bwanji onse akagone kunja masiku awiri, kumapiri kumene anthu amakakhoma matenti. Banja lililonse lipeze tenti yake. Manijala anagula yabuluu m'sitolo, yopepuka ngati ambulera. Telala naye anapita m'sitolomo, anaitembenuza ina yofanana nayo, anayang'ana misoko yake kunsi, n'kutuluka. Munthu wazaka makumi awiri pamakina sangagone pansi pa msoko wokhota.

Anapeza lona yakale yofunditsa katundu pa lole, anaichapa katatu, n'kumaisoka madzulo aliwonse akamaliza mayunifomu a anthu. Masingano asanu ndi awiri anathyokera m'menemo. Mkazi wake ndi mwana anawagoneka pasimenti n'kuwayeza ndi tepi, kutalika ndi m'mbali momwe. Mkati anasokamo matumba, la tochi, la sopo, la zida. Koma pakhomo anakana kuikapo zipi. Zipi ankaidziwa bwino: imafa tsiku limodzi, yonse, pamene batani likaduka limodzi anzake amagwirabe ntchito. Choncho anakhuthula botolo la mabatani otsala a majekete, ndipo mwana wake, amene ankamutcha Nyerere chifukwa chosakhala malo amodzi, anakhala pansi pa tebulo n'kusankha yekha makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, popanda awiri ofanana. Masabata asanu mwanayo ankauza aliyense wobwera kudzayezetsa kuti bambo ake akusoka nyumba.

M'mawa wa ulendowo, akulongedza katundu, asuweni a Nyerere, anyamata amapasa a Manijala, anamuonetsa chithunzi cha pachikwama cha tenti yawo. Inali ndi windo. Inali ndi zipi yolira ukaikoka. Nyerere anayang'ana nthawi yaitali, ndipo za nyumba sanazitchulenso. Atangodutsa mlatho woyamba, Telala anamumva akunong'oneza mayi ake ngati angakagone kwa amalume. Mayi ake anati afunse bambo ake. Mwanayo sanafunse. Anangotembenukira kuwindo.

Funso limenelo ndi limene Telala ankalidikira msewu wonse, ndipo msewuwo sunkatha. Anaima kuti mapasa akakodze. Atangoyenda pang'ono anaimanso chifukwa mmodzi wa iwo anali atangoperekeza mnzake osakodza. Khanda la Manijala linasanzira mayi ake pamapewa, anaima. Apongozi ake a Telala, bambo a Manijala, nkhalamba yosadandaula, anati bondo lauma, anaima. Nsapato ya Nyerere inatulukira pawindo mwa njira imene palibe anavomera kuti anaiona, ndipo Telala anabwerera wapansi m'mbali mwa msewu mpaka anaipeza mu udzu. Fungo la nthochi, mazira owiritsa ndi masanzi linadzaza m'galimoto. Kumbuyo ana ankafunsa mosinthana ngati afika.

Pamalo alionse oima, Telala ankakwera pa tayala kukakoka zingwe zimene zinali zolimba kale. Manijala, ali pachiwongolero, ankamuyang'ana pagalasi.

"Alamu, jekete lanu lija likadalipo pamwambapo? Munalisita koma?"

Telala anaseka pang'ono monga mlamu amasekera. Sankamuona Manijala ngati munthu woipa. Galimoto inali yake, maganizo a ulendo anali ake, ndipo pakamwa pake panali potero chibadwire. Mkazi wa Telala ndiye anayankha kuti achimwene ayang'ane msewu, chifukwa maenje sadziwa kuti iwo ndi manijala.

Anafika dzuwa litapendeka. Malowo anali bwalo la udzu wofupika, mitengo italiitali, mpopi umodzi ndi zimbudzi kumapeto. Tenti yabuluu inaimirira ketulo isanawire n'komwe. Ya Telala inafuna anthu atatu kuti aitsitse. Mapaipi ake anali olemera, zikhomo zinkakana nthaka, ndipo apongozi anagwira ngodya imodzi akungogwedeza mutu mwa njira yosadziwika ngati akuyamikira kapena akumva chisoni. Itaima, inali yobiriwira, yayikulu, misoko yake yowongoka ngati yojambula ndi rula, ndipo mabatani anatsika pakhomo pake mumzere umodzi, lofiira, lamkuwa, lakuda, lachikasu.

Telala anapempha mkazi wake alowe kuti anthu aone mmene imatsekera. Analowa. Iye anaima panja n'kuyamba kumanga mabatani kuchokera pamwamba, mofulumira, ndi zala zozolowera. Atamanga lomaliza anabwerera m'mbuyo kuti aione bwino. Sipanatsale mpata woti n'kulowa udzudzu. Kenako mawu a mkazi wake anatuluka mkatimo, odekha.

"Bambo a Nyerere, mwatseka bwino. Nanga inuyo mulowa bwanji?"

Telala anayang'ana mabataniwo. Onse anali kunja. Anawasoka monga amasokera pa jekete, ndipo jekete munthu amalimanga manja ali kunja. Masabata asanu, masingano asanu ndi awiri, osaganizako ngakhale kamodzi kuti wotseka chovala chimenechi adzakhala ali m'mimba mwake.

Manijala anaseka mpaka kukhala pansi pa udzu. Anati vuto palibe, alamu azitsekera banja lawo n'kugona panja ngati mlonda. Mkazi wa Manijala anabisa nkhope m'thewera la mwana. Mapasa ankaseka chifukwa akulu akuseka. Telala anamasula mabatani aja limodzilimodzi, ndipo atafika pa lakumunsi anapeza Nyerere ataima pambali pake, bulangete lake lili m'khwapa.

"Ababa, ndikagone kwa amalume?"

"Pita, mwanangu. Uvale juzi."

Zitatero anasowa chochita ndi manja ake. Anakhomanso zikhomo zokhomedwa kale. Anakatunga madzi amene palibe anawapempha. Anayesa kulowa m'tenti n'kutulutsa dzanja pakati pa mabatani, koma dzanja lake linali lalikulu, lona inali youma, ndipo linakanirira pamfundo za zala. Anawerengera m'mutu: kudula mabatani onse, kuwasokera mkati, pamanja, pa lona. Dzuwa likanalowa asanafike pa lachisanu.

Kutsidya kwa bwalo zipi inkalira. Ana atatu ankalowa ndi kutuluka, kutsegula, kutseka, kutsegula. Kenako kulirako kunasiya. Telala sanafunike kutembenuka kuti adziwe. Zipiyo itakakamira, Manijala anaikoka ndi mphamvu, monga amachitira anthu onse, ndipo mano a zipi anayasama kuyambira pansi mpaka pamwamba. Udzudzu unali utayamba kale kuzungulira miyendo. Mkazi wa Manijala anafunsa mwamuna wake kuti khanda ligona pati, ndipo anafunsa ndi mawu amene anathetsa nthabwala zonse.

Manijala anabwera akukanda m'mutu. Sanatchule jekete. Anangoti alamu akaone ngati pali chimene chingachitike.

Telala anagwada pakhomo la tenti yabuluu. Anaona msanga kuti mano onse ndi athunthu, kachitsulo kokokera ndiko kanatanuka. Ntchito ya mphindi zitatu. Koma ndi iye yekha pabwalo lonselo amene ankadziwa zimenezo. Akanati yafa, palibe akanatsutsa. Ana onse akanasamukira m'tenti yake yayikulu, Nyerere pamodzi nawo, ndipo nkhani ya ulendowu ikanakhala ya zipi, osati ya mabatani. Anagwira kachitsuloko nthawi yaitali kuposa mmene kanafunikira. Apongozi anali atakhala pa chidebe chapafupi, akumuyang'ana m'manja.

Anatuma Nyerere kukatenga pulayala ndi kachidutswa ka kandulo m'thumba lachitatu la tenti yawo. Mwanayo sanafunse kuti thumba lachitatu ndi liti. Telala anafinya kachitsulo mbali iyi, pang'ono, mbali inayo, pang'ono, anapaka kandulo m'mano, n'kukoka. Zipi inalira mpaka pamwamba. Anauza mapasa kuti chimenechi ndi chitseko, si gitala, n'kudzuka kubwerera kwake.

Anakhala mkati mwa tenti yake khomo lili pululu, akufunafuna ulusi wokhuthala m'chitini. Mkazi wake ankayala matiresi osamuyang'ana, monga amachitira akadziwa kuti mawu angowonjezera. Kunja kunkamveka makapu a tiyi ndi Manijala akufotokozera bambo ake za zipi ngati waikonza ndi iye.

Nyerere analowa kudzabweza pulayala. Anaiika m'thumba lake, koma sanatuluke. Anayang'ana khomo, anakokera mbali ziwiri za lona pamodzi, n'kutulutsa kadzanja kake panja. Anapapasa, lilime lili pakona ya mlomo, mpaka batani lofiira linalowa. Anatsitsa dzanja, lamkuwa linalowa. Pa apamwamba anauza bambo ake amunyamule. Telala anamunyamula, ndipo mwanayo anatulutsa dzanja pampata umene la bambo ake linakanirira, n'kumamanga akutsika, akutchula mtundu wa batani lililonse asanalione.

Atafika pakati anaima.

"Ndiye mukanatseka bwanji ine kulibe?"

Telala anati sakudziwa.

Mwanayo anapumira m'mwamba ngati mayi ake, n'kuyamba kumasula onse amene anamanga. Anati akukatenga bulangete lake, ndipo wina asakhudze mabataniwo mpaka abwere. Telala anabweza ulusi m'chitini. Anakhala pakhomo akuyang'ana mwanayo akuwoloka bwalo, nsapato imodzi yomanga, ina yosamanga, ndipo anayamba kuda nkhawa ndi chinthu china: kuti usiku Nyerere amadzuka kawiri kukakodza.