Kanjira ka Aneba

Ku kampu amanditchula kuti Sajeni Mapu, ena amati msilikali wa pampando. Sindiwatsutsa. Chipinda changa chilibe windo, ndipo makina oziziritsa mpweya anawaikira makompyuta, osati ine. Dziko ndimaliona kuchokera kumwamba, pa zithunzi za setilaiti, moti nsapato zanga matope sizikuwadziwa. Kunyumba nako kuli zii chichokereni mkazi wanga, amene anatopa ndi mwamuna wodziwa misewu yonse koma wosapita kulikonse.

Chaka chino tinakulitsa malo oyeserera mizinga, ndipo anthu a m'chigwa chapafupi anasamutsidwa. Ntchito yanga inali kuunika nyumba iliyonse pa zithunzi zatsopano. Nyumba yokhalamo anthu imakhala yachikasu pa mapu, ikasanduka bwinja ndimaituwitsa. Pamene pali chikasu oombera mizinga saomba.

Nyumba zonse zinatuwa kupatula imodzi ya malata adzimbiri, kumapeto kwa chigwa. Njira za nyumba zinazo zinamera udzu mvula itangogwa. Koma apa kanjira kochoka pakhomo mpaka kumsewu kanali koyera pa chithunzi chilichonse. Panali phazi limene linkapondapo tsiku ndi tsiku.

Mwini phaziyo ndinamutcha Aneba. M'mawa ndikayatsa kompyuta ndinkayamba ndakuza chithunzi cha nyumba yawo. "Mwadzuka bwanji, Aneba? Kumsewuko mukudikira ndani?" Ndinkawauzanso zanga, za msana ndi za denga lodontha. Sindibisa, zinkandikhazika mtima pansi kuti kuli winanso wotsala yekha.

Lachinayi a Kaputeni, mkulu wa oombera mizinga, analowa chipewa chili kukhwapa.

"Sajeni, kachikasu kanuka kakutigwira miyendo. Lolemba tikuomba."

"Muli munthu, bwana."

"Mwamuona?"

"Ndaona njira yake, bwana."

"Inutu chipinda chino chikupengetsani," anatero. Komabe si munthu woipa. Anatuma Kopolo ndi anyamata ake kuti akaone.

Kopolo anabwerako masana, matope mpaka m'mawondo, n'kuima pakhomo panga akuseka.

"A Sajeni, aneba anuwo ali ndi miyendo inayi! M'nyumba mulibe ngakhale supuni. Agogo a pamenepo tinawasamutsa ndife, ndawakumbuka. Ana awo anakana galu m'lole, akuti kutauni alibe malo. Ndiye galuyo amachoka pakhomo, kukaima pamene lole inanyamukira, n'kubwerera. Watha, nthiti zokhazokha."

"Bwanji simunamutenge?"

"Tinayesa, bambo. Tamuponyera buledi, wathawira kutchire. Ponyamuka ndamuona pagalasi la galimoto akubwerera pakhomo."

A Kaputeni anali kumbuyo kwake. "Mwamva nokha. Tuwitsani."

Mapu athu ali ndi mitundu iwiri basi: anthu alipo, anthu palibe. Wokonza mapuwo za galu sanaziganizire. Ndinadina batani, chigwa chonse chinatuwa, ndipo m'chipindamo ndinamva kuzizira kumene ndinali nditakuzolowera kalekale. Mtima unandiwawa kwambiri.

"Bwana, ndikupempha kulowa m'chigwamo Loweruka."

"Kukatani?"

"Kukasamutsa mnansi."

"Lamlungu dzuwa likamalowa mukhale mutatuluka. Mizinga sidziwa sajeni."

Loweruka ndinagula chingwe ndi mafupa kubutchala, n'kupita. Malo amene ndinkawadziwa ngati chikhatho changa anandisokoneza: mtunda umene pa mapu unali mizere yothithikana unandithetsa mpweya, nsapato zinalemera ndi matope. Kanjira kaja kanali kakang'ono, kosakwana phazi langa.

Ndinamupeza kumapeto kwake, m'mphepete mwa msewu, atagona mutu uli pamiyendo. Galu wofiirira, khutu limodzi long'ambika. Anandiyang'ana kamodzi, n'kubweza maso kumsewu. Si ine amene ankandidikira.

Ndinaika mafupa pakati pathu. Sanasunthe.

"Aneba," ndinatero, "sabweranso. Ndifunseni ine, ndimazidziwa zimenezi."

Khutu long'ambika lija linadzuka pang'ono. Ndinabisa chingwe m'thumba, n'kukhala pansi pa udzu wonyowa chapatali pang'ono, tonse awiri maso kumsewu. Mpaka Lamlungu madzulo nthawi inalipo, ndipo kunyumba kunalibe wondifunsa kuti ndachedwa kuti.